Kaufiti, udzu, mbozi ndi nsabwe: kusankha pakati pa njira zisanu ndi imodzi zodalira mankhwala a m'zomera

Mlimi aliyense amene munda wake unachita malire ndi mitengo ya bulugamu amadziwa kuti chimanga cha m'mizere yoyandikana ndi mitengoyo chimanyozoloka, ngakhale achithire feteleza mofanana ndi chinzake. China chimene chimachititsa ndi mthunzi komanso kulimbirana madzi, koma chinanso ndi mankhwala amene masamba a bulugamu amasiya m'nthaka. Zomera zambiri zimapanga mankhwala awoawo, ena otuluka m'mizu, ena okhala m'masamba ndi m'njere. Mankhwalawo akamalepheretsa chomera china kumera kapena kukula, akatswiri amati allelopathy, dzina limene Hans Molisch wa ku Austria anayamba kuligwiritsa ntchito mu 1937. Akamathamangitsa kapena kupha tizilombo, ndiwo aja alangizi amatiphunzitsa kusinja ndi kunyika m'ndowa.

Chidwi pa njira zimenezi chakula, ndipo m'pomveka. Kuyambira 2017, pamene ntchemberezandonda zachilendo zochokera ku America zinasakaza chimanga mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mwa 28, kupopera kwasanduka ntchito ya chaka ndi chaka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mankhwala a m'botolo, omwe amachokera kunja, anakwera mtengo mothetsa nzeru. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akamakamba za njira zachilengedwe amangoti ndi zaulere ndiponso zosaopsa. Zonse ziwirizi si zoona. Njira iliyonse pano imalipiridwa, kaya ndi thukuta, malo a m'munda kapena kudikira, ndipo zina mwa izo zimapha nsomba ndi kudwalitsa munthu.

Muyeso umene ndagwiritsa ntchito

Musanafunse za mtengo, dziwani mdani wanu. Njira zitatu zoyambirira ndi zobzala m'munda: zimalimbana kwambiri ndi kaufiti ndi udzu, ndipo phindu lake limaoneka pakapita chaka kapena zaka. Zitatu zotsatirazo ndi zopopera: zimalimbana ndi tizilombo, zimagwira ntchito m'masiku ochepa, koma sizichita kanthu pa udzu.

Pa mtengo ndikuwerengera ndalama pamodzi ndi gawo la munda limene mutaye. Pa kupezeka ndikufunsa ngati mbewu kapena masamba ake mungawapeze kudera kwanu pa nthawi imene mukuwafuna. Pa chisamaliro ndikuyang'ana ntchito, makamaka ngati ikugwera mu Disembala ndi Januwale, pamene manja onse ali pa kupalira ndipo ena apita kuganyu. Pa zoopsa ndikuganizira anthu, ziweto, nsomba ndi mbewu yotsatira.

1. Desimodiyamu pakati pa chimanga, nsenjere m'mbali

Njira iyi, yodziwika kuti push-pull, inapangidwa m'zaka za m'ma 1990 ndi bungwe lofufuza za tizilombo la icipe ku Kenya motsogozedwa ndi Zeyaur Khan, mogwirizana ndi Rothamsted Research ya ku Britain. Pakati pa mizere ya chimanga amabzala desimodiyamu, chomera choyanga cha gulu la nyemba, ndipo munda wonse amauzinga ndi nsenjere kapena udzu wa Brachiaria. Agulugufe a kapuchi amakopeka kukaikira mazira pa udzu wa m'mbaliwo, pomwe mbozi zambiri sizikula. Koma mphamvu yaikulu ili pansi pa nthaka. Mizu ya desimodiyamu imatulutsa mankhwala ena amene amadzutsa njere za kaufiti kuti zimere, ndi ena amene amaletsa kamuzu kake kukagwira muzu wa chimanga. Kaufitiyo amafa asanatuluke. Popeza tsinde limodzi la kaufiti limabala njere zikwi makumimakumi zimene zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10, kuchepetsa nkhokwe ya njere imeneyi ndiye mankhwala enieni. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 wa m'minda ya ku Kenya, Uganda ndi Tanzania anapezanso kuti mbozi za ntchemberezandonda zinachepa ndi 80 peresenti ndi kupitirira m'minda yotere.

Mtengo: ndi wokwera chaka choyamba. Mbewu ya desimodiyamu ndi yodula, ndipo mizere ya nsenjere imadya malo. Mtengo wina umene saukamba kawirikawiri ndi uwu: malo amene desimodiyamu amayanga ndi omwe aja amayi amabzalamo nyemba, khobwe ndi maungu. Mukasankha njira iyi, nkhwani ndi khwanya muzikapeza kwina.

Kupezeka: nsenjere n'zosasowa. Desimodiyamu ndiye wovuta, m'masitolo ambiri a zaulimi mulibe. Ngati mnzanu ali naye, mukhoza kubzala zidutswa za mayangayanga ake m'malo mwa njere.

Chisamaliro: njere zake ndi zazing'ono kwambiri ndipo zimakula pang'onopang'ono, choncho chaka choyamba muzizulira udzu ndi manja. Akakhazikika amafuna kumwetedwa musanabzale chimanga ndiponso chimanga chili chaching'ono, apo ayi amachipsinja. Sagwirizananso ndi kugalauza mizere chaka chilichonse ngakhale kubandira, chifukwa dothi limamukwirira. Amagwirizana ndi ulimi wa mtayakhasu kapena mizere yosasuntha.

Zoopsa: kumadzulo kwa Kenya, kumene njirayi inakulira, mvula imagwa nyengo ziwiri pachaka. Kwathu kuno chomerachi chiyenera kupirira chilimwe cha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, mbuzi zotayirira ndi moto wa osaka mbewa. Mtundu wa greenleaf umapirira chilala kuposa wa silverleaf. Komanso umboni wambiri ndi wa kaufiti wa maluwa ofiirira wa ku East Africa, pomwe wofala kuno ndi wa maluwa ofiira, Striga asiatica. Ndi chanzeru kuyamba ndi kachigawo kochepa.

2. Kasinthasintha ndi soya kapena mtedza

Njere ya kaufiti simera yokha, imadikira kumva mankhwala otuluka m'mizu ya mbewu ina. Soya, mtedza, khobwe ndi thonje zimatulutsa mankhwala odzutsa njerezo, koma kaufiti wa chimanga sangayamwe m'mizu yake, ndiye amafa ndi njala.

Mtengo: ndi wochepa, ndipo mumakolola chinthu chogulitsa kapena chodya. Chovuta ndi kwa amene ali ndi ekala imodzi yokha, poti kusiya chimanga pa theka la munda si nkhani yamasewera.

Kupezeka: palibe njira ina pano yoposa iyi. Mbewu ili pa msika uliwonse.

Chisamaliro: ulimi wake mukuudziwa kale. Chowonjezera n'chakuti chaka chobwezeretsa chimanga muzizula kaufiti aliyense wotuluka asanachite maluwa n'kumutentha, komanso muthire manyowa, chifukwa kaufiti amakonda nthaka yoguga.

Zoopsa: chaka chimodzi sichikwanira pamene kaufiti anazika, ndipo mitundu ya soya imasiyana mphamvu yodzutsa njere. Samalaninso ndi kaufiti wa maluwa achikasu, Alectra vogelii, amene amayamwa khobwe, mtedza ndi soya. Ngati ali m'munda mwanu, kubwereza mbewu zimenezi kumamuchulukitsa.

3. Kalongonda

Pa udzu wamakani, kalongonda ndi amene ndimamudalira kwambiri. Amaphimba nthaka ndi masamba okhuthala mpaka dzuwa osafika pansi, ndipo m'thupi mwake muli mankhwala otchedwa L-DOPA amene amafooketsa mizu ya zomera zina. Kum'mwera kwa dziko la Benin alimi anamulandira chifukwa anawathandiza kubweza minda imene anali ataithawa kaamba ka namsongole. Amasiyanso chonde chooneka ndi maso pa chimanga cha chaka chotsatira.

Mtengo: mbewu ndi yotsika mtengo ndipo mukaigula kamodzi mumasunga yanu. Chimene mumalipira ndi munda: kuti agonjetse udzu weniweni, amafuna nyengo yonse ali yekha.

Kupezeka: amapezeka mosavuta m'maboma a kum'mwera, kumene anthu ena amadya nyemba zake. Kwina muyenera kufunsa alangizi kapena alimi otsogola.

Chisamaliro: n'chochepa, kupalira kamodzi pachiyambi n'kokwanira. Mukafuna kumuphatikiza ndi chimanga, dikirani chimangacho chikule mwezi umodzi kapena mwezi ndi theka, chifukwa mukabzala tsiku limodzi amakwera n'kuchigwetsa. Masamba ake ouma asiyeni pamwamba pa nthaka ndipo muwateteze ku moto. Mapesi a mapira nawo amaletsa njere zing'onozing'ono za udzu kumera, ndipo mizu ya mapira imatulutsa mankhwala otchedwa sorgoleone, koma mphamvu yake siyandikira ya kalongonda, ndipo imathanso kufooketsa mbewu za njere zing'onozing'ono zimene mungabzale pambuyo pake.

Zoopsa: L-DOPA yemweyo ndi amene amazunguza mutu ndi kusanzitsa munthu akadya nyemba zosaphikidwa bwino. Zimafuna kuwiritsa nthawi yaitali n'kumataya madzi kangapo, ndiye nkhuni zimapita zambiri. Nkhuku ndi nkhumba musazipatse zosaphika. Dziwaninso kuti kalongonda sasankha: chisoso, bonongwe ndi luni zimene mumathyola m'munda nthawi ya njala zimapita limodzi ndi udzuwo.

4. Ombwe

Ombwe, umene ena amati mthuthu kapena katupe, ndipo akatswiri amati Tephrosia vogelii, ndi wamphamvu kuposa zopopera zonse zimene tili nazo pafupi. M'masamba mwake muli mankhwala a gulu la rotenone. Kapangidwe kamene ofufuza agwiritsa ntchito kwambiri ndi aka: thyolani masamba, muwayanike pamthunzi, muwasinje mumtondo wosasinjiramo chakudya, mutenge kilogalamu imodzi ya ufawo n'kuinyika m'malita 10 a madzi osungunuliramo kasopo pang'ono. Zikhale usiku wonse. Mawa lake sefani kawiri ndi nsalu, chifukwa tizinyalala take timatseka kamwa ya chopopera, kenako poperani dzuwa litapendeka. Sopoyo amathandiza kutulutsa mankhwala m'masamba ndi kuwamatiriza pa mbewu. Kafukufuku wa pa nyemba, khobwe ndi nandolo amene anachitika ku Malawi ndi ku Tanzania anaonetsa kuti ngakhale mankhwala otere sapha tizilombo tonse ngati a m'botolo, zokolola zimatha kuyandikana, ndipo akangaude ndi tizilombo tina todya anzawo owononga timatsala ambiri.

Mtengo: sopo ndi thukuta basi. Mitengoyo imaonjezeranso chonde, n'chifukwa chake a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda, akhala akuilimbikitsa pobwezeretsa nthaka.

Kupezeka: apa pali nkhani yofunika kuimvetsa. Mu 2012 akatswiri a ku Natural Resources Institute ya ku Britain pamodzi ndi anzawo a kuno anafalitsa zoti ombwe uli m'magulu awiri ofanana maonekedwe, ndipo pafupifupi mtengo umodzi mwa inayi iliyonse imene anayeza ku Malawi unalibe mankhwala opha tizilombo aja. Mlimi akhoza kutsatira malangizo onse bwinobwino koma nsabwe osagwa, vuto lili mu mtengowo. Choncho tengani mbewu kwa munthu amene anapoperapo n'kuona zotsatira, kapena yesani kaye pa mapando ochepa a mpiru wogwidwa nsabwe musanabzale mpanda wonse.

Chisamaliro: mtengo umakula msanga, m'miyezi ingapo mwayamba kuthyola. Masamba ouma amasungika m'thumba pamalo amdima. Cholemetsa ndi kubwereza: dzuwa limawononga mankhwalawa m'masiku ochepa, ndiye muyenera kupopera pafupifupi sabata iliyonse. Pa dimba n'zotheka. Pa maekala awiri a chimanga, kuchuluka kwa masamba ndi madzi otunga kumagwetsa ulesi ngakhale munthu wakhama.

Zoopsa: ombwe umapha nsomba, ndipo kupha nsomba ndi mankhwala n'koletsedwa ndi lamulo. Osatsukira ndowa kapena chopopera mumtsinje, ndipo ngati pali damu la nsomba kumunsi kwa dimba lanu, usiyeni. Rotenone analetsedwa pa ulimi m'maiko a European Union mu 2008, ndipo kafukufuku wamugwirizanitsa ndi matenda onjenjemeretsa a Parkinson mwa anthu omugwiritsa ntchito nthawi yaitali. Mangani nsalu kumphuno posinja, valani mapepala apulasitiki m'manja pofinya, ndipo dikirani masiku angapo musanathyole ndiwo, n'kuzitsuka bwino. Ine sindingalimbikitse kuthira ufa wake m'chimanga chodya poteteza anankafumbwe. Pa mbewu yobzala inde, koma pa chakudya matumba osalowa mpweya a PICS ndi abwino koposa. Chomaliza, mizu ya ombwe imasunga tinyongolotsi totupitsa mizu, ndiye musatsatize fodya kapena tomato pamene unali.

5. Nimu

Mu 1959 katswiri wa ku Germany, Heinrich Schmutterer, anaona ku Sudan dzombe litadya zobiriwira zonse koma kusiya mitengo ya nimu. Mankhwala ake aakulu, azadirachtin, amachititsa tizilombo kusiya kudya ndi kulephera kufundula. Sapha pompopompo. Mukapopera madzulo, mawa mupeza mbozi zikadali pomwepo, koma sizikudyanso ndipo zimafa patapita masiku. Alimi ambiri amautaya mtima nimu pachifukwa chimenechi, n'kumati ndi wopanda mphamvu.

Mtengo: kwa amene ali ndi mitengo pafupi, ndi ntchito yotola ndi kusenda yokha. Mafuta a nimu a m'botolo alipo koma ndi odula.

Kupezeka: nimu amakonda kotentha, monga ku Chikwawa, Nsanje, Mangochi, Salima ndi Karonga. Kumadera okwera ndi ozizira sabereka bwino. Izi n'zofunika chifukwa mphamvu yeniyeni ili m'njere, masamba ali ndi yochepa.

Chisamaliro: tolani zipatso zakupsa, chotsani mnofu, yanikani njere mpaka ziume ndithu, ndipo muzisunge m'thumba lolowa mpweya. Posakaniza, magalamu 50 a maso a njere osinja pa lita imodzi ya madzi ndiwo mlingo wodziwika. Pa ntchemberezandonda, nthawi ndiyo nkhani. Yenderani munda kawiri pa sabata chimanga chikangomera, yang'anani masamba okhala ndi timawindo toonekera, tikitani mazira ndi chala, ndipo thirani mankhwalawo mwachindunji mumtima mwa chimanga, m'mene masamba atsopano amatulukira. Mbozi ikakula n'kubisala pansi pa ndowe zake zooneka ngati utuchi, madzi a nimu nthawi zambiri saifikira.

Zoopsa: kwa anthu ndi ziweto, nimu ndi wofatsa kuposa ombwe, komabe si wakumwa ndipo mafuta ake ndi oopsa kwa ana aang'ono. Njere zosauma bwino zimachita chuku. Osamusokoneza ndi indya, amene masamba ake ndi ofananako koma zipatso zake zozungulira zimapha nkhumba ndi kudwalitsa ana. Poperani madzulo njuchi zitabwerera.

6. Deliya

Deliya wa maluwa achikasu uja wodzaza m'mphepete mwa misewu ndi m'malire a minda ali ndi masamba owawa kwambiri, ndipo kuwawako ndi kumene kumaletsa tizilombo kudya. Kapangidwe kake n'chimodzimodzi ndi ombwe.

Mtengo: palibe chogula kupatula sopo.

Kupezeka: kumadera a mvula yambiri ali ponseponse, ndipo masamba amachuluka nthawi yomwe tizilombo tachuluka.

Chisamaliro: palibe chobzala. Zotsalira posefa kwirirani m'munda, zimaola msanga n'kukhala manyowa abwino.

Zoopsa: mphamvu yake ndi yapakatikati, amathandiza pa nsabwe zikangoyamba koma zikapiringiza kale masamba sakwanitsa. Amayabwa pakhungu kwa ena. Ndi chomera chochokera ku Mexico chimene chimalanda malo a zomera zathu, choncho thyolani amene alipo kale, musakamubzale kumene kulibe.

Mawu pang'ono pa fodya

Kudziko lolima fodya ngati lathu, n'kosavuta kuganiza zonyika zinyenyeswa za pashedi. Amaphadi tizilombo, koma sindinamuike pamndandanda dala. Chikonga chimalowa pakhungu, madzi ake akakhuthala akhoza kupha mwana amene wamwa, ndipo fodya amatha kupatsira tomato ndi tsabola matenda a mozeiki. Phindu lake silifika pa ngozi yake.

Munda uti, njira iti

Ngati munda wanu wafiira ndi kaufiti, muli ndi ng'ombe yamkaka kapena mbuzi za m'khola, ndipo mukhoza kuteteza mundawo m'chilimwe, desimodiyamu ndi nsenjere ndi zanu. Chakudya cha ziwetocho chokha chimabweza ndalama ya mbewu, ndipo manyowa a m'kholamo amabwerera kukalimbana ndi kaufiti yemweyo. Ngati mulibe ziweto, kapena m'mudzi mwanu mbuzi zimatayiriridwa anthu akangokolola, musadzivute: gawani munda pawiri, muzisinthanitsa chimanga ndi soya kapena mtedza, ndipo muzizula kaufiti asanachite maluwa.

Amene ali ndi chigawo chimene chinaguga kapena kulandidwa ndi namsongole, chomwe ngakhale atalima sakololapo kanthu, achipereke kwa kalongonda nyengo yathunthu. Sataya kalikonse. Koma wa munda wochepa amene banja lake limadalira ndiwo za m'mizere aganize kawiri, kapena amubzale mochedwa m'chimanga pa mbali imodzi yokha.

Pa dimba la mpiru, repu, kabichi kapena nyemba, yambani ndi deliya nsabwe zikangooneka, ndipo ombwe mumusungire pamene zakula mphamvu. Dimba likakhala m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje kapena pafupi ndi damu la nsomba, ombwe achoke pamndandanda, mutsale ndi deliya ndi nimu.

Kwa a kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, nimu akhale woyamba pa mbozi za m'chimanga ndi za m'masamba, bola njere zikhale zotoleratu ndi zouma mvula isanayambe. A kumtunda kozizira, kumene nimu sabereka, abzale mpanda wa ombwe woyesedwa kale.

Ndipo ngati muli ndi maekala angapo a chimanga, mwafika mochedwa, mbozi ndi zazikulu ndipo zili pafupifupi paphando lililonse, madzi a masamba sangapulumutse mundawo. Pitani kwa alangizi akuuzeni mankhwala ovomerezeka ndi mlingo wake, muvale zodzitetezera popopera, ndipo chaka chamawa muyambe kuyendera munda sabata yomwe chimanga chamera.